Wometa Amene Anameta Nsungwi

A Lumo anali wometa tsitsi, ndipo monga ometa onse pansi pano, ankadziwa chilichonse. Munthu amene tsiku lonse amagwira mitu ya anzake, n'kumaitembenuza uku ndi uku ngati akusankha maungu pamsika, amafika poganiza kuti nzeru za m'mitumo zimamulowa m'zala. Ukakhala pampando wawo, nsalu ili m'khosi, lumo likuyenda pafupi ndi kholingo, unkangovomera zonse. Akati mvula ya chaka chino ichedwa, iwe "eya." Akati timu yako ya mpira ndi ya nkhalamba zokhazokha, iwe "zoonadi." Ndani angatsutsane ndi munthu amene wamuika chitsulo chakuthwa pakhosi? Choncho a Lumo anafika pomera imvi asanamvepo mawu oti "mwalakwa," ndipo iwo ankayesa kuti n'chifukwa choti salakwa.

Malo awo ometera anali chipinda chakumaso kwa nyumba yawo yomwe. Munali mipando iwiri, benchi ya odikira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi kawailesi kamene sikankalankhula usanakapatse khofi. Kuseri kwa nyumbayo kunali kabwalo, ndipo kabwaloko kanali ufumu wa akazi awo, amene anali telala. M'mawa mayiwo ankatulutsira makina awo osokera kumeneko, tepi yoyezera ili m'khosi. Masana ankayanikako zochapa. Dzuwa likapendeka ankamasula duku, kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, n'kumaimba ndi mawu amene, tinene chilungamo, ankafunikadi mpanda.

Kwa zaka makumi awiri mpanda wa njerwa wofika m'mutu unkakwanira bwinobwino. Kenako poloti ya kuseri inagulidwa, ndipo wogulayo anamangapo nyumba yosanja. Khonde lake lam'mwamba linasuzumira m'kabwalo kaja ngati mphunzitsi wosuzumira m'kope la mwana. Pakhondepo panayamba kukhala nkhalamba ina, bambo ake a mwini nyumbayo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Inali ndi magalasi aakulu, chipewa chaubweya, ndi mutu wotembenuka pang'onopang'ono. A Lumo anaipatsa dzina tsiku lomwelo: a Kadzidzi.

Sipanathe mwezi, mayi aja anaika kapu ya tiyi patsogolo pa amuna awo mwamphamvu moti tiyi anatayikira m'sosala.

"Bambo a ana, ine ndatopa kukhala filimu yaulere. Ndikafuna kuyanika chovala cham'kati, ndiyambe ndachibisa m'pilo. Pamsana pakandiyabwa, ndithamangire m'nyumba kukakanda. Achemwali anga akuti kufupi ndi kwawo kuli nyumba yabwino. Tigulitse ino, tisamuke."

Wometa ali ngati chitsime: anthu amadziwa njira yake ndi mapazi, ndipo chikawatalikira amangokumba china. Mitu imene a Lumo ankaimeta panopo anaiyamba ili ndi tsitsi lodzaza, ina anaiperekeza mpaka padazi. Kusamuka kunali kukayambiranso ndi imvi pakati pa mitu yachilendo, yokhala kale ndi eni ake.

"Tikweze mpanda," iwo anatero.

"Mmisiri wanena kale kuti maziko ake sangasenze. Ndinamufunsa inu muli kalikiliki kuphunzitsa anthu ndale."

Nzeru inabwera ndi makaniko wina, kasitomala wakale amene ankabwera kudzameta ndevu Loweruka lililonse. Iye anati anaona kwina nsungwi zikuluzikulu, zonenepa ngati ntchafu ya munthu wodya bwino, zotalika kuposa nyumba yosanja. Ubwino wake, anatero, si zija zoyendayenda zimene umabzala kwanu n'kukatulukira kubafa kwa aneba. Izi zimaphukira pamodzi patsinde pake ngati banja lomvana.

A Lumo anakafotokoza nkhaniyi kuseri ngati kuti aitulukira okha. Akazi awo anawamvetsera mpaka kumapeto, akudula ulusi ndi mano.

"Mvula zitatu," anatero. "Ikatha yachitatu ine ndikuonekerabe, ndikumanga katundu. Inu mudzasankha nokha, ine kapena galasi lanu long'alukalo."

Mawa lake a Lumo anali kunazale. Mayi wogulitsa mbande anawatulutsira machubu asanu, ndipo m'chubu chilichonse munali tindodo tiwiri titatu, towonda ngati zikoti.

"Zimphona zija ndi zimenezi?" a Lumo anafunsa.

"Ndi ana ake. Zipatseni nthawi. Koma bambo, chinthu chimodzi chokha musaiwale. Mphukira zikayamba kutuluka pansi..."

"Mayi," a Lumo anawadula mawu akumwetulira, "ine ndakhala ndi zomera zaka makumi atatu. Kungoti zanga zimamera pamutu. Chomera n'chomera."

Mayi uja anatsegulanso pakamwa, koma anapeza akulankhula ndi msana.

Tisawanamizire a Lumo, kubzala anabzala bwino. Anatsatira zimene zinalembedwa pakapepala ka pachubu: maenje ofika m'mawondo, manyowa owolerana, mapazi awiri aakulu kuchokera kumpanda, mapazi atatu pakati pa dzenje ndi linzake. Mvula ikajomba, iwo ankathirira. Akanalekera pomwepo, nkhani ino bwenzi itatha, inunso mukanapita kukachita zina.

Koma patapita miyezi ingapo, pansi panayamba kutuluka tinthu tosongoka ngati nyanga za mbuzi, tokutidwa ndi makoko aubweya oyabwa. A Lumo anatiyang'ana manja ali m'chiuno. Tsono munthuyu anali ndi chiphunzitso chimene ankachikhulupirira kuposa china chilichonse: chometedwa chimamera mwamphamvu. Umboni wake unali ndevu za makaniko.

"Tiana iti tikuyamwa amayi awo," anauza akazi awo. "N'chifukwa chake zikuluzi sizikunenepa. Mphamvu yonse ikuthera m'timakanda."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse asanatsegule malo ometera, ankapita kuseri ndi sizasi yakale. Mphukira iliyonse yosuzumira kunja ankaimeta mpala, kufanana ndi dothi. Nsungwi zakale zija anazidula nsonga mofanana, thyathyathya ngati tebulo, kuti zikhuthale. Masamba ogwa pansi ankawasesa ngati mmene amasesera tsitsi, mpaka nthaka inkawala ngati dazi lodzoledwa mafuta. Kunena zoona, m'dera lonselo munalibe nsungwi zaukhondo ngati zimenezo.

Tsiku lachitatu la ntchitoyi, mawu anatsika kuchokera kumwamba.

"Achimwene! Inu a sizasi! Musadule zimenezo!"

A Lumo sanadzutse n'komwe mutu. Anadula ina, n'kulowa m'nyumba nkhope ikuwala.

"Mwamva, mayi a ana? Mdani walira. Ndiye kuti ndagunda pachilonda. Akudziwa kuti filimu yake yatsala pang'ono kutha."

"Bwanji osangowafunsa chimene akutanthauza?"

"Ndifunse kadzidzi za kuwala kwa dzuwa? Khoswe akakuuza kuti usatseke bowo, iwe tseka ndi simenti."

Mvula yoyamba inatha. Yachiwiri itabwera, mphukira zinatulukanso, tsopano zonenepa ngati mkono wa mwana, moti sizasi inakana. Munthu wina akanaima n'kudzifunsa kuti, kodi ana amenewa akuposa bwanji amayi awo? A Lumo anangopita kukagula chikwanje. A Kadzidzi anakuwa mpaka kutsokomola. A Lumo anatulutsa kawailesi kaja, kukapatsa khofi, n'kukakweza mpaka pamapeto. Tsiku lina m'bwalomo munagwa kapepala kokulungidwa pakamwala. Iwo anakatola, kukatambasula chadodolido, n'kupukutirapo lumo osawerenga ngakhale chilembo chimodzi.

Mvula yachiwiri itatha, nsungwi zisanu zija zinali chiimire monga zinabwerera, zosafika n'komwe pamwamba pa mpanda, masamba achikasu, mitu yathyathyathya. Loweruka lina makaniko anapempha kuti aone zimphona zake zija. Anaima kuseriko, n'kukanda ndevu zimene zinali zitangometedwa.

"A Lumo, izi ndi nsungwi kapena masache ozondoka?"

"Zikusonkhanitsa mphamvu."

"Zikasonkhanitsa mudzandiitane. Koma musachedwe, ine ndine munthu wa shuga."

Nthabwala za makaniko sizinkawapweteka a Lumo. Chimene chinawapweteka chinali m'khonde lam'kati, pakati pa chipinda chometera ndi khitchini. Akazi awo anali atayamba kusonkhanitsa makatoni. Sanakangane, sanaopseze. Ankangobwera ndi katoni imodzi kuchokera kugolosale, kuiika pamwamba pa inzake, n'kulembapo ndi choko chosokera: makapu, makatani, mabuku a ana. Makina osokera anali atalowa m'chipinda chamdima. Beseni lija linapachikidwa pamsomali. Ndipo nyimbo zija, zimene a Lumo anakhala akuziseka zaka makumi awiri, zinaleka. Anadabwa kupeza kuti dzuwa likapendeka, dzanja lawo linkaima lokha pamutu pa kasitomala, khutu lili tcheru kuseri, koma kuli zii.

Anayamba kudzuka m'mamawa kwambiri kukayang'ana nsungwi zija, n'kumazilankhula monyengerera ngati mwana wokana kumetedwa. Koma kufunsa munthu, ayi. Kunazale kunali ulendo wa mphindi makumi awiri, koma kwa munthu amene anasiya mayi uja ali pakamwa yasa, unali ulendo wa kutsidya la nyanja.

Mitambo ya mvula yachitatu itayamba kusonkhana, Lachiwiri lina m'mawa, pakhomo la malo ometera panagogoda ndodo. Pabenchi panali makaniko, amene anabwera tsiku losakhala lake chifukwa cha ukwati wa mphwake, ndi anthu ena awiri. Onse anatembenuka. Pakhomopo panaima a Kadzidzi, thukuta lili kamukamu, akupuma ngati pampu ya njinga. Pafupi anali munthu wamfupi kuposa mmene ankaonekera m'mwamba muja, miyendo ikunjenjemera m'buluku.

"Mundimete," anatero.

Makaniko anawapatsa malo ake pamzere, maso akuwala ngati munthu amene wapeza mpando wakutsogolo kubwalo la nkhonya. Kasitomala ndi kasitomala. A Lumo anakutumula mpando, kuwamanga nsalu m'khosi mothinitsa pang'ono kuposa masiku onse, n'kuyamba ntchito. Kwa nthawi yoyamba chimangireni chipindacho, munthu anametedwa mopanda nkhani. Kunkangomveka sizasi, tche, tche, tche.

Atafika kuseri kwa khutu, a Lumo anachita zimene wometa aliyense amachita: anagwira khutu la nkhalambayo ndi zala ziwiri n'kulipinda. Nthawi yomweyo dzanja lowonda linatuluka pansi pa nsalu, n'kugwira khutu la a Lumo ngati nkhanu.

"Mwagwira langa, ndagwira lanu," anatero a Kadzidzi, akuwayang'ana pagalasi. "Tsopano palibe wothawa."

"Bambo, ndagwira chitsulo chakuthwa."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu, chitsulo chanucho chingondifupikitsira ulendo. Ndatsika masitepe makumi awiri ndi awiri ndi miyendo imene inandikana kalekale. Ndazungulira msewu wonse, ndikupuma pakhomo lililonse ngati wopemphetsa. Kukuwa ndakuwa, kalata ndalemba. Lero simuyatsa wailesi. Tamverani, achimwene: nsungwi si ndevu."

Pabenchi wina anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi nyuzipepala.

"Ine ndagwira ntchito kunazale ya mitengo zaka makumi atatu ndi zisanu," nkhalambayo inapitiriza, khutu ili chigwirire. "Nsungwi imabadwa ndi chiuno chake. Mmene yatulukira m'nthaka ndi mmene idzafere. Siinenepanso, ngakhale muithirire manyowa a khola lonse. Kutalika nakonso imatalika kamodzi kokha, miyezi iwiri itatu ya mvula, basi yamaliza. Mukaidula mutu, yathera pomwepo. Zakale zija mukuzisasatitsazi ntchito yake n'kuphikira ana. Masamba ake amadyetsa tsinde pansi, tsinde n'kutulutsa mphukira yoposa ya chaka chatha, chaka chinacho yoposanso. Masamba ogwa amene mukusesa aja ndi bulangete lake, ndiponso chakudya chake. Chimphona chimene mukudikiracho chakhala chikubwera chaka chilichonse. Chikangoti odi, inu n'kuchidula khosi pakhomo."

Khutu la a Lumo linali litayamba kutentha.

"Zakalezo zikunenepa," anatero ndi mawu otsika. "Ndimaziona ndi maso angawa."

"Sizikunenepa."

Mawu amenewo anachokera pakhomo lam'kati. Akazi awo anali ataima pamenepo, tepi ili m'khosi, manja atapinda pachifuwa.

"Tsiku limene munabzala ndinaziyeza. Chaka chatha ndinaziyeza. Dzulo ndaziyezanso. Ndikanazisokera siketi tsiku loyamba lija, bwenzi ikuzikwanabe."

Apa ndiye benchi yonse inagwa nako kuseka. Makaniko anachita kutuluka panja kukatsamira khoma.

"Nanga bwanji simunandiuze, mayi a ana?"

"Inu munayamba mwamvapo? Mulungu anakupatsani makutu awiri, koma mumangopachikapo magalasi."

A Kadzidzi anasiya khutu lija. A Lumo analisisita, n'kuyang'ana nkhalambayo pagalasi long'aluka. Panali funso limodzi limene linawatsalira pakhosi, ndipo pokhala kuti manyazi anali atawathera kale, analifunsa.

"Koma bambo, nsungwizi ndikubzalira inu, kuti musamatione. Mukundithandiziranji?"

"Mukuyesa ndimakondwa kuona mabuluku anu pachingwe? Ndimakhala pakhonde paja chifukwa m'nyumba ndimatopa ndi makoma, ndipo pansi sinditha kutsika. Ana amapita kuntchito m'mamawa. Kumanja ndimaona malata, kumanzere malata. Bwalo lanu lokha ndi limene linali ndi moyo. Mayi, ngati maso anga anakusowetsani mtendere, mundikhululukire, sindinadziwe kuti ndikulemera chotero. Tsiku limene ndinaona machubu asanu aja akulowa, ndinati, Mulungu wandikumbukira, ndidzafa ndikumva mphepo m'masamba a nsungwi. Ndiye kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuonera munthu akuzipha m'mawa uliwonse, atavala ovololo yoyera ngati dokotala."

Mayi aja anayang'ana pansi. Kenako analowa kukhitchini, n'kubwera ndi kapu ya tiyi, yamkaka, ija amapatsa alendo olemekezeka.

"Tsono nditani?" a Lumo anafunsa. Makaniko, amene anali atabwerera, anati pambuyo pake akanakonda mawu amenewo akanalembedwa pakhoma pamodzi ndi tsiku lake.

"Thirani manyowa. Masamba ogwa muwasiye pomwepo. Mvula ikajomba, thirirani. Kupatula apo, ntchito yanu chaka chino ndi imodzi: manja m'thumba."

"Basi?"

"Basi. Koma kwa munthu ngati inu, imeneyo ndiye ntchito yakalavulagaga. Tsopano malizani kundimeta, mbali imodzi ndikuoneka ngati nkhuku yonyowa."

Tsiku lomwelo chikwanje ndi sizasi yakale zinalowa m'kabati ya mayi, ndipo kiyi wake anamangidwa pakona ya mpango.

Mvula inagwa. Patapita milungu itatu, dothi linang'ambika, ndipo munatuluka mphukira zonenepa ngati mabotolo. A Lumo anaimika mtengo pambali pa imodzi, n'kumalemba ndi choko m'mawa uliwonse. Masiku oyamba inkangokwawa. Kenako inachita ngati yakumbukira kuti yachedwa: lero chikhatho chimodzi, mawa ziwiri, mkuja choko chija sichikufikanso. Zala za a Lumo zinkayabwa. Ankaona khoko lolendewera apa, kanthambi kopotoka apo, masamba ali mbwee pansi ngati m'chipinda cha wometa waulesi. Akangoyandikira, mawu ankatsika kuchokera kumwamba:

"Manja m'thumba!"

Ndipo bambo wa imvi, wodziwa chilichonse, ankabweza manja m'thumba ngati mwana wa sukulu.

Koma zaka ziwiri zodulidwa khosi sizibwezedwa ndi mvula imodzi. Tsinde linali litafooka. Mitambo itabalalika, mphepo yozizira itayamba, nsungwi zatsopano zinali zitapitirira mpanda kutalitali, zitatambasula masamba, n'kukalekera pachitsulo cha khonde lam'mwamba. Zinabisa miyendo ya a Kadzidzi, zinabisa mimba, zinabisa chifuwa. Koma pamwamba pa masambawo panatsala mutu, ndi magalasi ake, ndi chipewa chake chaubweya, uli tayale ngati dzungu padenga.

A Lumo anaitana akazi awo kuseri. Akanatha kunena kuti mvula ya chaka chino inali yochepa, kapena kuti pangano linali la mvula zitatu zathunthu ndipo yoyamba ija inali theka. Mawu oterowo anali nawo, odzaza thumba. Koma anangoti:

"Mayi a ana, mvula yachitatu yatha. Mutu ukuonekabe. Mvula ziwiri ndinazidya ndine, ndi sizasi yanga. Mukati tisamuke, ndikachotsa galasi lija pakhoma."

Mayi aja anayenda pansi pa nsungwizo, masamba ouma akulira kumapazi. Anagwira imodzi, n'kuizunguliza tepi mwachizolowezi, n'kugwedeza mutu ngati telala wokhutira ndi kasitomala amene wayamba kudya bwino. Kenako anayang'ana kumwamba. Mutu uja unavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, bambo, kaya inu? Miyendo ikuti bwanji lero?"

"Ikadali pa sitalaka."

Mayi aja anaseka, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Mutu umenewo ndi wokhawo wanzeru mumsewu muno. Usiyeni uzioneka. Kanditengereni beseni langa pamsomali."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa litapendeka, kasitomala wina anadumpha pampando n'kufunsa ngati kuseriko kukuphedwa mbuzi.

"Khalani bwino, ndingakuduleni," anatero a Lumo, nkhope yonse ili mwee. "Ndi akazi anga, akuimba."

Makatoni aja anabwerera kugolosale imodziimodzi, monga anabwerera.

Mvula yachinayi ndi imene inaonetsa chimene makaniko ankanena. Mphukira zinatuluka ngati ntchafu, n'kukwera osayang'ana m'mbuyo, kupitirira khonde, kupitirira denga la nyumba yosanja, mpaka nsonga zake zinawerama ngati zikupereka moni kwa oyenda mumsewu. Kabwalo kaja kanasanduka chipinda chobiriwira, chozizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Mphepo ikadutsa, nsungwizo zinkakhulana n'kumalira ngati zitseko zakale, ndipo mbalame zinabwera kudzachita lendi osapempha. Masamba ogwa anali ambiri moti ena ankagwera m'tiyi, koma a Lumo ankangowavuula ndi chala, osadandaula.

Ndi chaka chimenecho pamene a Kadzidzi analamula kuti chikwanje chimasulidwe. Anati tindodo toyamba tija tamaliza ntchito yake, tichotsedwe kuti tsinde lipume. A Lumo anadula mosamala, kamodzikamodzi, akufunsa asanadule. Kowongoka kwambiri anakapala bwino, kukaika mphira kunsi, n'kukapereka kwa nkhalambayo kuti ikhale ndodo yake. Ndipo ntchito ina anawapatsa ndi akazi awo.

"Bambo a ana, nsungwi zanuzi zachita kunyanya. Masiku atatu tsopano sindinawaone agogo aja. Akadwala tidzadziwa bwanji? Kwerani pamakwerero, mudule tinthambi apo, pakati pa ziwirizo. Pang'ono pokha, poti mutu n'kukwana."

Choncho munthu amene anavutika zaka zinayi kutseka khonde lija anakwera ndi sizasi yake kukaboola zenera. Ndipo ndi kumeta kokhako, pa kumeta konse kumene anachita kuseri kuja, kumene kunayamikiridwa ndi aliyense.

Masiku ano, kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, a Lumo amanyamula kachikwama ka zida n'kukwera masitepe makumi awiri ndi awiri kukameta mnzawo pakhonde. Akayang'ana pansi saona bwalo lawo, amangoona nyanja ya masamba, ndi kabowo kamodzi kotulukira nyimbo. Akabwerera kumalo awo ometera, amaphunzitsa aliyense wokhala pampando za nsungwi, kuti imabadwa ndi chiuno chake, kuti anthu osadziwa amadula mphukira, ngati kuti iwo anabadwa akudziwa zimenezi. Wometa sasintha kwenikweni. Koma makaniko akakhala pabenchi, amangokweza dzanja n'kugwira khutu lake, osanena kanthu, ndipo phunziro limathera pomwepo.

Munthu amene a Lumo anamuyesa mdani, amene anamutsekera makutu ndi wailesi n'kumupukutira lumo pakalata, ndi yemweyo anatsika masitepe ndi miyendo yokana kudzapulumutsa nyumba yawo, mpando wawo, ndi nyimbo za kuseri. Ovomera zonse aja anangovomera, nsalu ili m'khosi, mpaka makatoni anafika kudenga. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.